Mjigo Umene Kompyuta Inakumba ku Kaphande

Tasila Sakala anabwerera ku Petauke chaka chimene boma linagulitsa kampani ya zaulimi kumene ankagwira ntchito ku Lusaka. Eni ake atsopano anabwera ndi makompyuta awo ndi anthu awo, ndipo onse a m'chipinda cholembera mapulogalamu anapatsidwa makalata owathokoza. Anatsika basi ali ndi sutikesi ndi katoni ya mabuku, n'kukakhala kwa msuweni wake amene anali ndi kagolosale pafupi ndi msika. Kwa miyezi yambiri ntchito yake inali kuyeza shuga ndi mchere m'timapepala.

Kenaka anamva kuti kabungwe kena kotchedwa Dziwe Lathu, kokumba ndi kukonza mijigo m'midzi ya Petauke ndi Nyimba, kakufuna munthu wodziwa kompyuta. Woyang'anira wake anali a Lazarous Mumba, bambo wofatsa amene anagwira ntchito ya madzi ku boma mpaka pamene anachepetsa antchito. Ofesi yawo inali zipinda ziwiri kuseri kwa sitolo ya misomali ndi malata. Munali kompyuta imodzi, pulinta yolira ngati macheka, ndi mlembi dzina lake Rhoda, mtsikana amene anali atangomaliza sukulu ya taipi ku Chipata.

"Otithandiza a kunja atopa ndi mapepala athu," anatero a Mumba tsiku loyamba. "Afuna aziona mudzi uliwonse pa mapu. Kumene kulibe madzi kufiile, kumene madzi alipo kubiliwile. Mungatipangile chinthu chotele, a Sakala?"

Tasila anati angathe, ndipo sananame. Ntchito imeneyi ndi imene manja ake ankailakalaka nthawi yonse imene ankamanga timapepala ta shuga.

Pulogalamuyo anaikonza motere. Dera lililonse linali ndi fayilo yakeyake: Sandwe yake, Nyimba yake, ndi madera enawo chimodzimodzi. Zonse za midzi ya deralo zinkasungidwa m'fayilomo. Munthu ankaziona kudzera m'mawindo awiri a pa sikirini ya kompyuta. Lina linali la mizere, mudzi uliwonse pa mzere wake, ndipo m'menemo ndi mmene Rhoda ankalembamo zimene oyendera midzi abweretsa. Linalo linali mapu a timadontho tofiira ndi tobiriwira. Windo palokha silinkasunga kanthu. Rhoda akasintha mzere, windo la mizere linkauza fayilo, fayiloyo n'kuuza mawindo ake onse kuti adzijambulenso, ndipo kadontho ka pa mapu kankasintha mtundu pomwepo. Munthu ankathanso kutsegula mafayilo angapo nthawi imodzi, mawindo ake n'kumasanjikizana pa sikirini.

Itayamba kugwira ntchito, a Mumba anaitana mwini sitolo ya malata kuti adzaone. Dzinja litatha kunabwera nthumwi ya othandizawo kuchokera ku Lusaka. Inasindikiza mapu onse, inasankha midzi yofiira, ndipo inasainirana pangano ndi mwini makina obowola wa ku Chipata kuti akumbe mijigo m'midzi imeneyo chilimwe chisanathe. Tasila anagula nsapato zatsopano mwezi umenewo.

Amene anabweretsa nkhani yoipa anali a Julio Fombe, dalaivala wa bungweli, amenenso ankayendera midzi. Anawoloka kuchokera ku Mozambique ali mnyamata nthawi ya nkhondo, ndipo anzawo atabwerera kwawo iwo anatsala. Anakwatira, n'kupeza munda ku Kaphande, kamudzi ka m'dera la Sandwe kumunsi kolowera ku chigwa. Mkazi wawo, ana awo ndi amayi awo okalamba ankakhala kumeneko. Masana ena a mwezi wa Ogasiti analowa mu ofesi atagwira pepala la midzi yoti makina apiteko, fumbi la msewu lili mbuu m'nsidze.

"A Sakala, ndithandizeni kuwelenga. Mwina maso anga ndiwo akulakwa. Kaphande sindikumuona."

Tasila anatsegula fayilo ya Sandwe. Kadontho ka Kaphande kanali kobiriwira. Pa mzere wake panalembedwa kuti mjigo wakonzedwa, madzi akutuluka.

"Apa pakuti mjigo wanu unakonzedwa," anatero.

A Julio anapukusa mutu. "Kulibe mjigo ku Kaphande, a Sakala. Sunakhaleko. Timafukula mumchenga wa mtsinje, pamodzi ndi ng'ombe. A Mumba anabwela okha kudzatiuza kuti tisonkhe miyala ndi mchenga. Azimai atuta pamutu, mulu uli apo pa tchalitchi."

A Mumba anatuluka m'chipinda chawo atamva mawuwo. Anayang'ana sikirini, anayang'ana pepala, n'kukhala pa benchi. Tasila anafufuta zolakwikazo, kadontho kanafiiranso. Zinamutengera kanthawi kochepa chabe. Koma pangano linali litasainidwa kale, ndipo makina anali atayamba kukumba kumbali ya Nyimba.

Mawa lake a Mumba anapita ku positi kukaimba foni ku Lusaka. Anabwerako akupukuta thukuta m'khosi.

"Akuti angamuwonjezele Kaphande," anatero. "Koma afuna kudziwa kuti zinachitika bwanji. Akuti ngati kompyuta yanama pa mudzi umodzi, adziwa bwanji kuti sinaname pa midzi ina? Tiwalembele chifukwa chake, ndipo tiwatsimikizile kuti sizizachitikanso. Apo ayi, sasintha kalikonse."

"Ndichipeza," anatero Tasila. "Mundipatse sabata."

Poyamba anaganiza kuti ndi Rhoda. Anamuuza kuti atulutse mapepala onse a ku Sandwe, ndipo anamufunsa ndi mawu ouma ngati nthawi zina amalemba akucheza ndi anyamata a m'sitolo. Rhoda anatulutsa mapepalawo misozi ikulengeza, n'kunena kuti chiyambireni chaka sanagwirepo mzere wa Kaphande, chifukwa kumeneko sikunabwere nkhani yatsopano. Tasila sanamukhulupirire kwenikweni. Koma poyerekeza mapepala ena ndi za m'kompyuta anapeza china. Mudzi wa Simambo, ku Nyimba, unali ndi mjigo umene unakonzedwadi, pepala lake linalipo, komabe kadontho kake kanali kofiira. Simambo ndi Kaphande anali pa mzere wofanana, aliyense m'fayilo yake. Mawu a Simambo anali atakalowa m'fayilo ya Sandwe.

Mtima unamuwawa ataona zimenezo, chifukwa anadziwa kuti vuto silinali m'zala za Rhoda. Linali mu zimene iye mwini analemba. Anapepesa kwa mtsikanayo ndi botolo la Fanta, Rhoda n'kulandira ndi manja awiri osamuyang'ana kumaso.

Kudziwa kuti mawu akusochera kunali kosavuta. Chovuta chinali kuwaona akusochera. Tasila ankatsegula fayilo ya Nyimba ndi ya Sandwe pamodzi, ankasintha mzere, ankadina batani la Enta, n'kuyang'ana. Kadontho koyenera kankasintha, fayilo inayo osagwedezeka. Ankatsegula mafayilo onse, ankatseka ena, ankasinthasintha dongosolo lotsegulira. Zonse zinkayenda bwino ngati zikumunyoza. Anaika timauthenga m'pulogalamu kuti tizitulukira pa sikirini windo likamalankhula ndi fayilo, tonena dzina la fayilo imene yalandira mawuwo. Timauthengato tinkatchula dzina loyenera nthawi zonse. Tinkachedwetsanso ntchito ya Rhoda, moti Tasila ankatichotsa asanamusiyire mpando.

Magetsi nawo ankathima pakati pa ntchito, nthawi zina kuyambira mmawa mpaka dzuwa kupendeka. Pamasiku otero Tasila ankatenga mapepala a pulogalamuyo amene anasindikiza, n'kukakhala nawo pakhonde, akulondola mzere ndi mzere ndi pensulo. Mabuku ake a m'katoni ankafotokoza bwino mmene fayilo imauzira mawindo ake, koma onse ankapereka zitsanzo zimene zimayenda. Palibe buku limene linkanena za mawu opita m'fayilo ya eni. M'boma lonse la Petauke munalibe munthu wina amene akanamuonetsa mapepalawo n'kumvetsa chimene akuona.

Sabata inatha, inzake inatha. Anayamba kukayikira mbali imene fayilo imaitanira mawindo kuti adzijambulenso. Mwina, anaganiza motero, uthengawo ukufika ku mawindo a mafayilo onse m'malo mwa ake okha, ndiye windo la eni likulemba zimene lamva. Anailembanso mbali yonseyo. Mapu anasiya kusintha mtundu kwa masiku angapo mpaka anapeza chimene anawononga pokonzapo. Zitayambanso kuyenda, anayesa kambirimbiri osaona cholakwa, ndipo anapita kwa a Mumba.

"Ndikuganiza kuti ndakonza."

"Mukuganiza, kapena mwakonza?"

Tasila anazengereza. A Julio anali panja akutsuka galimoto, ndipo ankamva madzi akugwa pa bonati.

"Ndakonza," anatero.

A Mumba analemba kalata tsiku lomwelo n'kuipatsa kondakitala wa basi ya ku Lusaka. Yankho lisanabwere, Rhoda anamuitana Tasila ndi mawu apansipansi. Mudzi wina wa m'fayilo ya Nyimba unali utalandira mawu a mudzi wa ku Petauke, ndipo iye anali atawalemba mmawa womwewo, pa pulogalamu yokonzedwayo.

"Unatani, Rhoda? Ndiuze bwinobwino."

"Monga mwa masiku onse, amai. Ndinalemba chabe."

"Chita ndione."

Rhoda anakhala pampando, Tasila ataima pambali pake. Mtsikanayo analemba mosamala ngati ali pa mayeso, chala chimodzichimodzi, anadina Enta, n'kuchotsa manja. Palibe chinalakwika.

A Mumba anayenera kuimbanso foni kukabweza mawu a m'kalata yawo. Sanamukalipire Tasila. Anangosiya kulowa m'chipinda cha kompyuta, ndipo moni wawo unafupika. A Julio ndiwo sanasinthe. Mmawa uliwonse ankasuzumira pakhomo, chipewa chili m'manja.

"Zili bwanji lelo, a Sakala?"

"Ndikali kufunafuna, a Julio."

"Chabwino. Makina azafika ku Minga mailo mmawa. Akachoka kumeneko atsala ndi midzi yochepa." Ankanena ngati akungomuuza za nyengo, kenaka n'kupita kukaliza galimoto.

Mwezi wa Okutobala unafika ndi kutentha kwake. Tasila anakumbukira a Ezekiel Tembo, amene anamuphunzitsa ntchito ku Lusaka. Anali munthu woti akayang'ana pulogalamu ya mnzake ankaloza cholakwa ndi kapu ya tiyi ili m'dzanja linalo. Anamva kuti nawonso atachotsedwa ntchito anadwala, ndipo abale anawabweretsa kwawo ku Nyimba. Loweruka anakwera minibasi atanyamula mapepala ake mu pulasitiki, ndi shuga ndi buledi wokawaonera.

Anawapeza atagona pa mphasa kuseri kwa nyumba, pamthunzi wa mupapaya, atafunda bulangete dzuwa lili phwee. Sakanawazindikira pakadapanda mawu. Akazi awo, amayi Consolata, anawadzutsa n'kuwatsamiritsa kukhoma.

"Tasila," anatero a Tembo akumwetulira. "Wanenepa. Uli kuti masiku ano?"

Anawauza za bungwe, za mijigo, za mawu olowa m'fayilo ya eni. Maso awo anawala pang'ono. Anapempha magalasi, analandira mapepalawo, n'kuwabweretsa pafupi ndi nkhope. Anawerenga tsamba loyamba nthawi yaitali, milomo ikugwedera.

"Zilembo izi zachepa," anatero. "Pulinta yanu ilibe inki?"

"Ndikuwelengeleni, bambo?"

"Welenga."

Tasila anayamba kuwerenga mokweza, mzere ndi mzere, nkhuku zikupalasa pafupi ndi mphasa. A Tembo anagwedeza mutu kawiri. Pa tsamba lachitatu anakweza chala ngati akufuna kunena kanthu, ndipo Tasila anasiya kuwerenga. Chalacho chinatsika pang'onopang'ono. Anali atagona. Atadzidzimuka anamuyang'ana ngati mlendo, n'kumufunsa ngati basi ya kampani yafika kale, chifukwa safuna kuchedwa.

Amayi Consolata anamuperekeza mpaka pamsewu waukulu. "Mwachita bwino kubwela," anatero. "Anzawo a ku Lusaka palibe amene wafika. Mapepala anuwo musiye, mwina mailo azaona mutu ukapepuka."

Tasila anawasiyadi, ngakhale ankadziwa kuti sadzawerengedwa. M'minibasi anakhala pawindo akuyang'ana kummawa, kumene mitambo inali itayamba kuunjikana. A Tembo anamwalira mwezi usanathe.

Mvula yoyamba inagwa kumayambiriro kwa Novembala, yongozimitsa fumbi. A Julio anati msewu wa ku Sandwe ukali bwino, makina angadutse ngati atanyamuka sabata yomweyo. A Mumba anaimbanso foni kupempha kuti Kaphande awonjezedwe kaye, zofotokoza zibwere pambuyo. Anawayankha kuti nkhaniyo ili kwa akuluakulu a kunja, ndipo akuluakuluwo akudikira lipoti.

Sabata imeneyo Tasila anadwala malungo. Anagona masiku angapo, ndipo tsiku limene anadzuka anapita ku ofesi asanachire bwinobwino. Sanathe kukhala pa kompyuta, sikirini inkamuzunguza mutu. Anauza Rhoda kuti apitirize kulemba mapepala amene anaunjikana, iye n'kukagona pa benchi kumbuyo kwake, atatsamira chikwama. Rhoda anaganiza kuti wagona tulo, choncho anayamba kulemba mwa chizolowezi chake, mofulumira, akung'ung'udza nyimbo ya kwaya.

Tasila ankangoyang'ana manja a mtsikanayo chifukwa panalibe china choyang'ana. Mapepala anali osakanikirana, ena a Nyimba ena a Sandwe, ndipo mafayilo onse awiri anali otsegula. Rhoda analemba pa mzere wa mudzi wa ku Nyimba. Dzanja lamanzere linatembenuza pepala lotsatira, lamanja linachoka pa mabatani n'kugwira mausi, kachida kolozera pa sikirini, n'kudina pa windo la Sandwe. Enta sanamukhudze.

"Ima," anatero Tasila. "Usagwile kanthu."

Anadzuka atagwira khoma. Mawu amene Rhoda analemba sanali m'fayilo ya Nyimba. Anali m'fayilo ya Sandwe, pa mzere wofanana, ndipo kadontho kena kanali katabiriwira kale.

"Umachita choncho nthawi zonse?"

"Mapepala akasakanikilana, amai. Ngati mzele wotsatila uli m'windo lomwelo ndimadina Enta. Kodi ndalakwitsa?"

"Sunalakwitse."

Anamupempha mpando. Sanafunikire kufufuza nthawi yaitali, chifukwa tsopano ankadziwa poyang'ana. Pamene ankalemba pulogalamuyo anaikamo kachigawo kakang'ono kothandiza munthu woiwala Enta: akachoka pa mzere asanadine, windo lizisunga lokha zimene walemba. M'kachigawo kameneko, windo silinkafunsa kuti fayilo yake ndi iti. Linkafunsa kuti fayilo imene ili pamwamba pa sikirini ndi iti. Munthu akakhala m'windo lomwelo, yankho la mafunso awiriwo linali limodzi. Koma akadumphira pa windo la dera lina ndi mausi, fayilo inayo inkakhala itakwera kale pamwamba windo loyambalo lisanasunge, ndiye mawu ankapita kumeneko. Iye mwini, ndi zala zake zozolowera ntchito, sanasiyepo mzere osadina Enta. Kachigawoko anakadutsa ndi pensulo pakhonde kangapo konse, anakawerenganso mokweza kwa a Tembo, osaona kanthu.

Anasintha mzere umodziwo. Anamuuza Rhoda kuti adumphedumphe ndi mausi mmene angathere. Palibe mawu amene anasocheranso. Tasila anayang'ana sikirini, thukuta la malungo likumuzizira pamsana. Ankayembekeza kuti akadzachipeza adzasangalala, koma chisangalalocho sichinabwere.

Analemba lipoti masana omwewo, ndipo kwa masiku otsatira iye ndi Rhoda anayerekeza mapepala onse ndi za m'mafayilo, n'kukonza midzi ina imene inasokonezeka. A Mumba anapita nalo okha ku Lusaka. Ali komweko, ku Petauke kunagwa mvula yeniyeni, ya usiku ndi usana. A Julio anayesa kupita kwawo, n'kubwerera panjira galimoto ili matope mpaka m'magalasi. Mtsinje unali utadzaza. Mwini makina anamaliza mudzi wake womaliza, anapakira mapaipi ake, ndipo Tasila anaona lole yake ikudutsa pamsika kulowera ku Chipata.

A Mumba anabwerako ndi nkhani ziwiri. Yoyamba inali yakuti lipoti lalandiridwa, ndipo Kaphande adzakhala woyamba chilimwe chamawa. Yachiwiri anainena akuyang'ana pansi. Othandizawo anali kuunikanso ntchito zawo zonse m'dziko muno, ndipo panali maganizo akuti nkhani za madzi zibwerere ku makhonsolo, midzi izidzisonkhera yokha.

"Ndi chifukwa cha pulogalamu yanga?" anafunsa Tasila.

"Akuti ayi. Akuti ndi ndondomeko yatsopano, ikukhudza mabungwe ambili." Anapukusa mutu. "Sindidziwa, a Sakala. Sanaitchule. Koma sinatithandize."

Kalata yotseka bungwelo inafika mu Febuluwale. Kunabwera galimoto yoyera kudzatenga kompyuta, pulinta ndi galimoto imene a Julio ankayendetsa. Mapepala a midzi anawapereka ku khonsolo, kumene mlonda anawalandira n'kuwaika pakona chifukwa wowasainira anali ku maliro. Tasila anakopera pulogalamuyo pa madisiketi n'kuwaika m'katoni ya mabuku. Rhoda anapeza ntchito ku kampani ya thonje. A Mumba anapita kukalima kwawo. A Julio anali atapita kale ku Kaphande pa njinga ndi pansi ofesi isanatsekedwe, atalandira uthenga wakuti kunyumba kuli matenda, ndipo sanabwerenso kudzatsanzikana.

Kagolosale ka msuweni kanali katagwa, chifukwa masitolo akuluakulu anadzaza katundu wotchipa wa kunja. Tasila anasamukira ku Nyimba kwa mkulu wake Anastazia, amene ankagulitsa nthochi ndi mazira owiritsa kwa anthu a m'mabasi. Analemba makalata ofunsira ntchito ku Lusaka ndi ku Chipata. Ochepa amene anamuyankha anati akufuna achinyamata odziwa zinthu zatsopano. Anaphunzira kuthamangira basi ndi lichero pamutu, ndiponso kudziwa pa nkhope munthu amene agule ndi amene akungofunsa mtengo.

Chilimwe chotsatira, masana ena, basi ya ku Lusaka inaima kuti anthu adye. Tasila anapita kumawindo ndi nthochi zake. Munthu wina anatsika n'kuima patsogolo pake, atanyamula kachikwama kakang'ono. Anali a Julio, ataonda, ndevu zitayamba imvi.

"A Sakala. Ndinamva kuti muli kuno."

Tasila anatula lichero. Anapatsana moni, n'kupatuka kukaima pamthunzi wa sitolo. Anawafunsa kumene akupita, ndipo anati ku Lusaka, kuli munthu amene anawalonjeza ntchito yoyendetsa lole.

"Nanga kunyumba?"

"Amai alipo. Mkazi wanga alipo." Anasuntha kachikwama kuchoka dzanja lina kupita linalo. "Mwana wathu wamng'ono uja, Tadala, tinamuika m'dzinja. Kutsegula m'mimba. Anapita ana angapo m'mudzi mwathu mwezi umenewo. Mtsinje unali wodzala, ku kiliniki sikunapitike."

Tasila anagwira pakamwa.

"Makina sanabwele chaka chino?" anafunsa, ngakhale yankho ankalidziwa.

"A khonsolo anati tisonkhe ndalama, iwo azawonjezela. Tinasonkha zimene tinali nazo. Sitinamvenso kanthu. Miyala ija anthu ayamba kutengako kumangila zimbudzi."

Kondakitala anayamba kumenya m'mbali mwa basi kuitana anthu. A Julio sanafulumire.

"A Mumba anandiuza kuti munachipeza chimene chinkavuta," anatero. "Ine za kompyuta sindizidziwa. Koma ndakhala ndikufuna kukufunsani. Chinali chinthu chachikulu?"

Tasila akanatha kunena kuti inde. Akanatha kutchula magetsi, kapena a ku Lusaka amene anakana kusintha pepala, kapena mvula. Zonsezo zinali zoona.

"Unali mzele umodzi, a Julio. Ndinaulemba ndine. Kuukonza sikunatenge nthawi."

A Julio anagwedeza mutu pang'onopang'ono, maso ali pa nthochi za m'lichero.

"Mzele umodzi," anabwereza. Sanakweze mawu, ndipo nkhope yawo sinasinthe. "Chabwino. Ndamva."

Basi inaliza hutala. Tasila anatenga phava la nthochi n'kuwapatsa kuti akadye panjira. Anazengereza, kenaka analandira, anathokoza, n'kukwera. Anakhala mbali inayo, kumene Tasila sankatha kuwaona.

Basi itachoka, Anastazia anabwera akupukuta manja pa chitenje, n'kufunsa kuti munthuyo anali ndani.

"Tinkagwila naye nchito ku Petauke."

"Walipila nthochi zija?"

"Ndamupatsa chabe."

Anastazia anadandaula pang'ono, koma ataona nkhope ya mng'ono wake anasiya. Anamuuza kuti akakhale pansi amwe madzi. Tasila anati ali bwino. Minibasi ya ku Petauke inali ikukhota kale kulowa pa siteshoni, azimayi anzawo atayamba kuithamangira. Anawerama, anasenza lichero, n'kuwatsatira.